Ulemu kwa opereka ziwalo ndi mabanja awo: mafunso omwe amangobwerabwera

Awa ndi mafunso omwe anthu amafunsa mobwereza nkhani ya mamendulo, masatifiketi ndi miyambo yothokoza opereka ziwalo ikatuluka. Ena amafunsa chifukwa angotaya m'bale wawo, ena ndi chidwi chabe, ena amabwera atakwiya kale poganiza kuti ndi bizinesi yobisika. Tawaika pamodzi kuyambira osavuta, nde ngati funso lanu layankhidwa pena tikulozerani konko mmalo mobwereza.

Kodi mukamati "ulemu wovomerezeka" mukutanthauza chani?

Tikutanthauza kuti boma, chipatala kapena bungwe loyendetsa za ziwalo likuimirira poyera nkunena kuti munthu uyu anapereka impso, chiwindi, mtima, mapapo kapena maso ake ndipo ife ngati dziko tikuthokoza. Kuthokozako kumatha kukhala mendulo, baji, satifiketi, kalata yosainidwa ndi mtsogoleri, dzina pa chipilala chachikumbutso, mbendera kukwezedwa pachipatala, olo akuluakulu a boma kubwera pamaliro. Zikomo wa m'bale kapena wa wodwala amene wachira ndi wabwino koma ndi wa anthu awiri, uyu ndi wa gulu ndipo amalembedwa penapake.

Wapereka ndi malemu, nde bwanji ulemu ukupita kwa banja?

Choyamba malemu sangatambasule dzanja kulandira, izi nzodziwikiratu. Koma chifukwa chenicheni nchakuti pa nkhani imeneyi banja nalo limapereka kena kake. Anthu omwe amamwalira mwa njira yoti ziwalo zawo nkugwira ntchito ndi ochepa zedi, nthawi zambiri ndi amene ali mu ICU, chipinda cha odwala kayakaya, pa makina opumira atavulala mutu pangozi kapena mtsempha utaphulika mu ubongo. Imfa zake zimakhala zadzidzidzi, munthu wachoka kunyumba mmawa ali bwinobwino madzulo mukuuzidwa kuti ubongo wasiya kugwira ntchito ndipo subwereranso. Mu maola omwewo, misozi isanaume, namwino akubwera kudzafunsa za ziwalo. Mayi kapena mwamuna wake ayenera kuyankha mafunso ambirimbiri a umoyo wa malemu, ena ochititsa manyazi, kenako adikire tsiku lathunthu pena kuposa pomwe madokotala akuyeza ndi kufufuza oti alandire, thupi lili lofunda chifuwa chikukwera ndi kutsika chifukwa cha makina. Kudikira kumeneko ndi mtolo wa banja osati wa malemu.

Mmaiko ambiri olo munthu analembetsa yekha ali moyo, madokotala sapitiliza banja likakanitsitsa. Nde inde wa banja ndi amene amatsegula chitseko.

Zolemekezazi zinayamba kale?

Ayi, zinabwera mochedwa kwambiri poyerekeza ndi maopaleshoni ake. Impso yoyamba kuikidwa bwinobwino mwa munthu wina inali pa 23 December 1954 ku Boston, Ronald Herrick anapereka kwa mapasa mnzake Richard. Dokotala wake Joseph Murray anadzalandira mphoto ya Nobel mu 1990. Ronald anakhala zaka 56 ndi impso imodzi mpaka anamwalira mu 2010, koma funsani anthu khumi ngati anamvapo dzina lake.

Ya mtima nde ndi yomwe imandipweteka ine. Aliyense amadziwa Christiaan Barnard ndi chipatala cha Groote Schuur ku Cape Town, pa 3 December 1967. Ena amakumbukanso Louis Washkansky amene analandira mtimawo nakhala masiku 18. Koma mtimawo unali wa ndani? Unali wa Denise Darvall, mtsikana wa zaka 25 amene anagundidwa ndi galimoto pamodzi ndi mayi ake tsiku lapitalo. Mayiwo anafera pompo. Bambo ake a Edward Darvall anataya mkazi ndi mwana pa ngozi imodzi, ndipo ali mu chisoni chomwecho anavomera kuti mtima wa mwana wawo utengedwe, pa opaleshoni yomwe inali isanachitikepo pa dziko lonse. Barnard anazungulira dziko akujambulidwa, a Darvall anabwerera kunyumba yopanda mkazi wawo ndi mwana wawo wamkazi. Mamendulo onse omwe tikukamba apawa kwenikweni akuyesa kukonza kupendekeka kumeneku, kuti dokotala ndi wodwala amaoneka, woperekayo amasowa mu chithunzi.

Nde maiko amachita zotani makamaka?

Zimasiyana, tingotchula zingapo zodziwika.

Ku UK kuyambira 2013 bungwe la Order of St John mogwirizana ndi NHS Blood and Transplant, bungwe la boma loona za magazi ndi ziwalo, limapereka baji yaulemu mdzina la malemu, banja ndi lomwe limalandira, pa miyambo ing'onoing'ono yomwe imachitika mmadera mwawo. Kulinso chipilala cha opereka ziwalo ku National Memorial Arboretum ku Staffordshire, malo omwewo amakumbukirako asilikali.

Ku America nyumba ya malamulo inakhazikitsa mendulo mu 2008 nkuipatsa dzina la Stephanie Tubbs Jones, phungu wa ku Ohio amene anamwalira chaka chomwecho mtsempha utaphulika mmutu, iyenso anapereka ziwalo zake. Ku Richmond, Virginia kuli dimba lachikumbutso la dziko lonse, April ndi mwezi wokumbukira nkhaniyi, ndipo pa Rose Parade, chionetsero cha magalimoto a maluwa cha chaka ndi chaka ku Pasadena, pamakhala galimoto yokongoletsedwa yokhala ndi nkhope za opereka zopangidwa ndi njere ndi tizidutswa ta zomera, achibale amathandiza nawo kumata.

Ku India boma la chigawo cha Tamil Nadu linapita patali. Pa 23 September 2023 nduna yaikulu M.K. Stalin analengeza kuti aliyense wopereka ziwalo akamwalira maliro ake azikhala ndi ulemu wa boma, kutanthauza kuti mkulu wa boma wa mderalo amapita yekha kukaika nkhata olo malemu anali munthu wamba wosadziwika. Tsikuli silinangosankhidwa, ndi lomwe amakumbukira Hithendran, mnyamata amene makolo ake, onse awiri madokotala, anapereka ziwalo zake mu 2008. Chigawo china cha Odisha chinatsatira mu 2024.

Ku Canberra, Australia anachita chinthu chaching'ono koma chomwe ine ndimachiona ngati chanzeru kuposa zonse. Lamulo la 2020 linalola kuti banja likapempha, zoti munthuyu anapereka ziwalo zilembedwe pa satifiketi yake ya imfa, komanso litha kupempha kalata yothokoza yochokera kwa nduna yaikulu ya deralo. Palibe ng'oma palibe makamera, koma pepala limenelo zidzukulu zidzalipeza mu sutikesi patapita zaka 50.

Ndinaona vidiyo pa Facebook anesi ataima mzere mkolido bedi likudutsa, chimenecho nchani?

Imeneyo amaitcha honor walk, yafala kwambiri mzipatala za ku America. Nthawi yopita ku fiyeta ikakwana amalengeza mchipatala monse, nde aliyense amene angathe kusiya ntchito kwa mphindi zochepa amabwera kudzaima mbali zonse ziwiri za kolido kuyambira ku ICU mpaka pa chitseko cha fiyeta. Anesi, madokotala, okolopa, alonda, a kukhitchini, onse chete. Bedi limayenda pang'onopang'ono, wina akukankha makina opumira pambali kapena akufinya kachikwama kopumitsira ndi dzanja, banja likutsatira kumbuyo pena mayi atagwira phazi la mwana wawo pansi pa bulangeti, pena kanyimbo komwe malemu ankakakonda kakulira pa foni. Pa chitseko paja bedi limaima pang'ono kuti atsanzike, kenako chitseko chimatsekeka ndipo banja limabwerera mkolido momwemo lopanda bedi. Anthu ambiri amati ulendo wobwererawo ndi umene anthu oima aja amathandiza kwambiri.

Chofunika kudziwa, izi zimachitika banja likavomera basi. Ndipo zojambula mavidiyo zija ndi nkhani ina, banja likajambula lokha ndi zawo, koma wogwira ntchito kutulutsa foni nkuponya pa intaneti popanda chilolezo ndi kulakwa kwakukulu olo cholinga chikhale chabwino bwanji. Onani funso la omwe safuna zodziwika mmunsimu.

Tinene zoona, pali ndalama?

Palibe, ndipo sipayenera kukhala. Ili ndi funso lomwe limafunsidwa kuposa onse, pena mwaukali pena monong'ona. Kugula ndi kugulitsa ziwalo nkoletsedwa pafupifupi dziko lonse, ku America lamulo lake ndi la 1984, bungwe la WHO linatsindikanso mfundo zake mu 2010, ndipo madokotala a za ziwalo anagwirizana chimodzimodzi ku Istanbul mu 2008. Iran ndi dziko lokhalo lomwe lili ndi dongosolo lovomerezeka lolipira munthu wamoyo wopereka impso, kuyambira 1988, ndipo omwe amagulitsa kumeneko ambiri ndi osauka okhala ndi ngongole, zomwe ndi ndendende zimene maiko enawo amaopa.

Nchifukwa chake mendulo zake zimakhala zoti simungagulitse nkupezapo kanthu. Zimapangidwa dala choncho. Ulemu umabwera pambuyo, banja litavomera kale popanda kulonjezedwa kalikonse. Ukangosuntha nkubwera patsogolo, kuti mukavomera tikupatsani chakutichakuti, wasanduka nyambo basi. Nde wina aliyense akakuyandikirani mchipatala kapena pa WhatsApp nkumatchula ndalama posinthana ndi chiwalo cha m'bale wanu kapena chanu, ameneyo si wa dongosolo lovomerezeka, mthaweni ndipo mukanene.

Chabwino, koma kungothandiza zamaliro kokha kuli ndi vuto lanji?

Apa nde pomwe akatswiri eni ake amakanganirana mpaka pano. Ena amati banja lathandiza dziko, chipatala chalipidwa, dokotala walipidwa, ndege yonyamula chiwalo yalipidwa, nde bwanji banja lokha lituluke chimanjamanja nkukavutika ndi bokosi. Mfundoyi ili ndi mphamvu, osainyoza. Ku Pennsylvania chakumapeto kwa ma 1990 anakonza zoti azipereka $300 yothandiza pamaliro, koma anabwerera mmbuyo poopa kuti ziwombana ndi lamulo la 1984 lija. Ku UK bungwe la Nuffield Council on Bioethics mu 2011 linapereka maganizo oti ayesere kulipira maliro a anthu omwe analembetsa okha mkaundula asanamwalire, poganiza kuti potero ukulemekeza chisankho cha mwini wake osati kunyengerera anamfedwa.

Mbali inayo imati banja lolemera silingasinthe maganizo chifukwa cha ndalama ya bokosi, koma banja lomwe silikudziwa kuti thupi lichoka bwanji mchipatala litha kuvomera chinthu chomwe mtima wawo ukukana, kenako nkudzakhala ndi chikumbumtima moyo wonse kuti tinamugulitsa. Ine ndimapendekera kumeneku. Chomwe aliyense amavomereza nchakuti banja lisalipire kanthu kalikonse kokhudza kuchotsa ziwalozo, mayeso ake, fiyeta yake, zonsezo si bilu ya banja.

Nanga zoti banja la wopereka limaikidwa patsogolo likadzafuna chiwalo, nzoona?

Mmaiko ochepa inde. Israel ndi chitsanzo chodziwika, lamulo la 2008 lomwe mbali imeneyi inayamba kugwira ntchito mu 2012 limapereka mapointi owonjezera pa mndandanda wodikira kwa amene analembetsa, komanso kwa achibale apafupi a munthu amene anapereka atamwalira. Amene anakankha nkhaniyi ndi dokotala wa mtima Jacob Lavee, ataona odwala ena akunena poyera kuti kulandira alandira koma kupereka sangapereke. Ku Singapore zili mwa mtundu wina, amene wadzichotsa mkaundula amatsikira pansi pa mndandanda akadzafuna yekha.

Koma dziwani kuti mapointiwa sapambana kudwalika, amene ali kayakaya amakhalabe woyamba. Ndipo uku sikulinso kuthokoza chabe ngati mendulo, ndi phindu lenileni, nchifukwa chake maiko ambiri sanatengere, amati chiwalo chizipita kwa amene akuchifunitsitsa ndipo chikugwirizana ndi thupi lake basi osayang'ana zomwe achibale ake anachita.

Kodi mamendulowa amachulukitsadi opereka kapena ndi zongodzionetsera andale?

Mendulo payokha musaiyembekezere zambiri. Chomwe chimasuntha anthu ndi nkhani ya munthu weniweni yokhala ndi nkhope ndi dzina. Mu 1994 Nicholas Green, mwana wa zaka 7 wa ku America, anawomberedwa ndi achifwamba ali mgalimoto ndi makolo ake pa msewu waukulu kummwera kwa Italy. Makolo ake a Reg ndi Maggie Green anapereka ziwalo ndi maso ake kwa anthu 7 a dziko lomwelo lomwe linawaphera mwana. Anthu a ku Italy zinawakhudza koopsa, nthawi imeneyo anali mgulu la maiko otsalira ku Ulaya pa nkhaniyi koma mzaka khumi zotsatira chiwerengero cha opereka chinakwera pafupifupi katatu, ndipo misewu, masukulu ndi mapaki oposa 100 anatchulidwa dzina lake. Ku Bodega Bay, California kuli nsanja ya mabelu 140, ambiri anatumizidwa ndi anthu a ku Italy, mphepo ikaomba amalira okha. Ku Canada zinachitikanso mu April 2018, basi ya timu ya hockey ya Humboldt Broncos itachita ngozi yomwe inapha anthu 16, zitamveka kuti mmodzi wa osewera, Logan Boulet wa zaka 21, anali atalembetsa ndipo wathandiza anthu 6, anthu oposa 100,000 analembetsa mmasabata ochepa. Pano pa 7 April amavala zobiriwira pomukumbukira.

Koma tiyeni tione Spain, yomwe yakhala patsogolo pa dziko lonse kwa zaka zoposa 30, mu 2024 inadutsa opereka 50 pa anthu 1 miliyoni aliwonse. Sinafike pamenepo ndi mamendulo. Bungwe lawo loyendetsa za ziwalo la ONT lomwe linayamba mu 1989 motsogozedwa ndi Rafael Matesanz linaika mchipatala chilichonse munthu wophunzitsidwa, nthawi zambiri dokotala wa mu ICU momwemo, woti aziona msanga amene angathe kupereka komanso wodziwa kulankhula ndi banja lolira. Ntchito yosaoneka, yosajambulika. Nde boma likamagawa mabaji uku mabedi a ICU kulibe, anthu oyankhula ndi mabanja kulibe, mukulondola kukayika. Ulemu uziperekedwa chifukwa ndi ngongole yomwe tili nayo kwa banjalo, ukachulukitsa opereka ndi basela chabe.

Tinavomera koma ziwalo sizinagwiritsidwe ntchito, ife tikuwerengedwa?

Izi zimachitika kawirikawiri kuposa mmene anthu amaganizira ndipo zimapweteka ngati imfa yachiwiri. Pena madokotala akatsegula amapeza chotupa kapena matenda omwe sanaoneke pa mayeso, pena chiwalo chimakhala chawonongeka kale ndi ngoziyo, pena woti chigwirizane naye sapezeka mu nthawi yake, pajatu mtima ukachotsedwa uli ndi maola 4 mpaka 6 okha, impso ndi zomwe zimapirira tsiku lathunthu kapena kuposerapo pang'ono. Palinso njira ina yomwe makina amazimitsidwa nkudikira kuti mtima uime wokha, ukachedwa kuima kupitilira nthawi yomwe anaika ziwalo zimakhala zavutika ndi kuchepa kwa mpweya nde sangazitengenso.

Palibe chomwe inu munalakwitsa pamenepo. Malamulo a amene ayenera kulandira mendulo amasiyana bungwe ndi bungwe nde funsani amene ankakuyendetsani mchipatala, koma maganizo anga ndi oti dongosolo lililonse lomwe limasiya panja banja lotere lalakwitsa masamu. Mphatso inaperekedwa pa nthawi yomwe munati inde, zotsatirazo zinali mmanja mwa thupi ndi wotchi. Komanso nthawi zina ziwalo zikakanika maso, khungu, mafupa kapena mavavu a mtima zimatha kutengedwabe chifukwa izi sizithamangitsana ndi nthawi kwambiri, ndipo nazonso ndi kupereka.

Nanga amoyo opereka impso kapena mbali ya chiwindi?

Awa amaiwalika mwa mtundu wina, poti ali moyo anthu amangoti aaa ali bwino. Koma munthu wathanzi wagona pa tebulo la opaleshoni yomwe iye sakuifuna, wakhala masabata osagwira ntchito, watenga chipsera. Malo ambiri amawapatsa baji kapena satifiketi nawonso. Chomwe chimawathandiza kwenikweni ndi kubwezeredwa zomwe ataya, malipiro a masiku omwe sanagwire ntchito, mayendedwe, pogona. Izi sizitengedwa ngati kugula chiwalo chifukwa munthuyo sakupindula, akungobwerera pomwe anali. New Zealand mwachitsanzo inakhazikitsa lamulo mu 2016 lobweza malipiro onse omwe munthu wataya mpaka masabata 12. Ku America amene anaperekapo impso akadzadwala yekha impso yotsalayo amaikidwa patsogolo pa mndandanda, ndipo apa sindinamvepo munthu akutsutsa. Chinanso ndi kumuyeza chaka ndi chaka moyo wake wonse, osati kumuombera mmanja tsiku limodzi kenako foni osayankhanso.

Ife sitikufuna zodziwika, titha kukana?

Kwambiri. Palibe amene angakukakamizeni kupita ku mwambo, kulandira mendulo kapena kuika dzina pa chipilala. Mabanja ena safuna kuti achibale ena adziwe poopa mikangano ya zachipembedzo kapena zonena za anthu, ena imfayo inali ya mtundu woti safuna kuikambanso, ena sakonda zoima pagulu basi. Mutha kupempha kuti akutumizireni kunyumba mwakachetechete, mutha kunena kuti pano ayi mwina chaka chamawa, mutha kukana mpaka kalekale. Bungwe labwino limafunsa kaye lisanatchule dzina pena paliponse.

Pomwe pamavuta ndi pa ulemu wa pamaliro ngati wa ku Tamil Nadu uja, chifukwa galimoto za boma zikafika mudzi onse wadziwa, pena atolankhani ali pambuyo. Kwa ena chimenecho ndi chonyaditsa ndipo chimatseka pakamwa omwe amanong'ona kuti anagulitsa thupi, kwa ena ndi chipongwe pa tsiku lomwe amafuna kulira paokha. Nchifukwa chake kufunsa kaye si mwambo chabe.

Tidzamudziwa amene analandira mtima wa mwana wathu?

Dzina ayi, poyamba paja. Nthawi zambiri mumalandira kalata patapita masabata angapo yonena zinthu ngati impso imodzi inapita kwa bambo wa zaka za mma 40, chiwindi kwa mtsikana wachichepere, ndi mmene akupezera. Mbali zonse ziwiri zitha kulemberana kudzera ku bungwe loyendetsa, iwo amawerenga kaye nkuchotsa zomwe zingaulule dzina lonse kapena komwe munthu amakhala. Maiko ena amalola kukumana onse akafuna patapita nthawi, ena salola ndi pang'ono pomwe. Cholinga ndi kuteteza onse, wolandira asamve ngati ali ndi ngongole yoti azibweza moyo wake wonse, banja nalo lisapwetekedwe kawiri chiwalo chikadzakanika.

Kalata yochokera kwa wolandira ikapanda kubwera musaganize kuti ndi wosayamika. Ambiri amayamba kulemba nkung'amba, kulemba nkung'amba, chifukwa ungalembe chani kwa mayi amene mwana wake anafa tsiku lomwe iwe unapulumuka. Ena amatenga zaka. Koma kwa inu omwe munalandira chiwalo ndipo mukuwerenga pano, lembani olo mizere itatu, mabanja ambiri amanena kuti kapepala kameneko kamalemera kuposa chitsulo chilichonse cha boma.

Mmaiko omwe aliyense amatengedwa kuti wavomera pokhapokha atakana, pali chothokozanso?

Chilipo. Wales inayamba dongosolo limeneli mu December 2015, England mu May 2020, Spain lamulo lake ndi la 1979, koma konseko banja limafunsidwabe, ndipo zonse tanena pa funso lachiwiri zija zimachitikabe chimodzimodzi. Lamulo silichotsa usiku wa mu ICU.

Lamulo la ku England lomwelo lili ndi kankhani kogwirizana ndi zomwe tikukambazi. Poyamba anthu ankalitcha dzina la Max Johnson, mnyamata amene analandira mtima mu 2017 ali ndi zaka 9. Mtimawo unali wa Keira Ball, wa zaka 9 nayenso, amene anamwalira pangozi ya galimoto ku Devon. Max yemweyo ndi amene anapempha kuti dzina la Keira likhaleponso, nde lero limadziwika kuti lamulo la Max ndi Keira. Zomwe akuluakulu anaiwala kuchitira Denise Darvall mu 1967 mwana anazikumbuka.

Kulemekeza ovomera sikunyoza mabanja omwe anakana?

Kutha kutero ngati olankhula pamwambo sasamala pakamwa. Mukayamba zoti awa ndi ngwazi mosiyana ndi ena odzikonda, mwalasa anthu omwe anakana ali mu mdima wandiweyani, mwina sanamvetse zoti ubongo wafa pomwe thupi likuoneka ngati lagona, mwina malemu sananenepo maganizo ake nde anaopa kumulakwira, mwina amene anawafunsa anafunsa moipa. Ambiri mwa iwo amadzifunsabe mpaka lero. Palinso mabanja ochuluka zedi omwe akanavomera ndi mtima wonse koma m'bale wawo anamwalira mwa njira yoti sizikanatheka. Ngakhale mawu oti ngwazi omwewo si banja lililonse lopereka limawakonda, ena amati mwana wanga sanasankhe kufa, musamupange msilikali. Kunena kuti zikomo ndi kutchula dzina lake molondola kumakwanira.

M'bale wathu anapereka zaka zapitazo sitinalandire kalikonse, tiyambire pati?

Yambirani kwa namwino kapena kodineta amene anakhala nanu mchipatala nthawi imene ija, ngati munataya nambala imbani ku bungwe loyendetsa za ziwalo la dziko kapena dera lomwe zinachitikira, iwo ndi amene amasunga kaundula osati wodi yomwe anagonekedwa. Khalani ndi dzina lonse la malemu, tsiku lobadwa, tsiku lomwalira ndi dzina la chipatala. Nthawi zambiri chimachitika nchakuti kalata inatumizidwa koma inapita kwa munthu mmodzi amene anasaina mapepala, mwina anasamuka, mwina anaiona nkulephera kuitsegula nkuiponya mu drowa. Nde musanakwiye funsani kaye mbanja mwanu momwemo.

Funsaninso ngati dongosololo limakhudza omwe anapereka lisanayambe, poti ena amabwerera mmbuyo ena ayi, ngati amapereka mendulo imodzi pa banja kapena atha kupanga zingapo, ndiponso ngati pali mwambo wa chaka ndi chaka womwe mungapiteko olo musalandire kanthu. Ya mendulo imodziyi mukambirane isanafike, makamaka pomwe makolo a malemu anasiyana kapena pali mkazi wake mbali ino mayi ake mbali inayo, chifukwa kabokosi kakang'ono ngati kameneko kakafika pa adilesi imodzi popanda kuuza enawo kamatha kudzutsa nkhani zomwe zinagona kale. Ndipo mukamalemba fomu onetsetsani kalembedwe ka dzina chilembo ndi chilembo, akazokota pa chitsulo kapena pa mwala kukonza kumatenga miyezi.